Utsi wa pamafuwa, mankhwala a kumunda ndi ubongo wa mwana wosabadwa ku Bwanje

Chigwa cha Bwanje, chomwe chagona kummawa kwa mapiri a Ntcheu ndipo chimatsetsereka chakumpoto motsatira mtsinje wa Bwanje mpaka kukafika kunyanja ya Malawi, si dera la mafakitale, kotero munthu wodutsa pa msewu wa M5 kudzera pa Sharpevale ndi Golomoti, akuona minda ya thonje, chimanga ndi mpunga, akhoza kuganiza kuti nkhani ya kuipitsidwa kwa mpweya, madzi ndi nthaka ndi ya ku Blantyre ndi ku Lilongwe kokha. Kuganiza kotero n'kuphonya, chifukwa poizoni amene asayansi amamudera nkhawa kwambiri pa kakulidwe ka ubongo wa mwana ali m'mimba amapezeka m'ntchito za tsiku ndi tsiku za mayi wakumudzi, monga kuphika, kupopera mbewu, kuthira mankhwala chimanga chosunga ndi kuchapa zovala za amene wachokera kopopera, ndipo ntchito zimenezi siziima chifukwa chakuti mayi watenga pakati.

Ubongo umayamba kuumbika mayi asanatsimikize n'komwe kuti waima. Pofika masiku pafupifupi 28 kuchokera pamene mimba yakhazikika, kachubu kakang'ono ka maselo, komwe pambuyo pake kamasanduka ubongo ndi mtsempha waukulu wa mumsana, kamakhala katatsekeka kale. M'miyezi yotsatira maselo a ubongo amachulukana mothamanga kwambiri, amasamuka kuchoka pamene anabadwira kupita kumalo awo okhazikika, kenako amalumikizana kuti azitumizirana mauthenga. Ntchito iliyonse mwa izi ili ndi nyengo yake, ndipo ikasokonezeka pa nyengoyo kawirikawiri sibwerezedwanso, n'chifukwa chake mlingo wa poizoni umene munthu wamkulu sangaumve ukhoza kusiya chipsera chosatha mwa mwana wosabadwa. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo ndi chiwerengero cha anthu wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti mayi mmodzi yekha mwa anayi aliwonse ndiye amayamba sikelo m'miyezi itatu yoyambirira ya pakati, zomwe zikutanthauza kuti amayi ambiri amakumana ndi namwino maziko a ubongo wa mwana atayalidwa kale.

Kwa nthawi yaitali madokotala ankakhulupirira kuti nsengwa, yomwe imalumikiza mayi ndi mwana kudzera pa mchombo, imasefa zoipa zonse. Chikhulupiriro chimenechi chinagwa chifukwa cha zimene zinachitika ku Minamata m'dziko la Japan, kumene fakitale ya kampani ya Chisso inkatayira mekyule m'nyanja momwe anthu ankaphamo nsomba. Matendawa anazindikirika mu 1956, ndipo m'zaka zotsatira kunabadwa ana olumala ziwalo, osatha kuyenda ndi kuyankhula bwino, pamene amayi awo ankaoneka athanzi kapena odwala pang'ono chabe. Nsengwa inali italola mekyule kudutsa ndi kuunjikana mwa mwana. Kuyambira pamenepo zadziwika kuti mtovu, mpweya wa carbon monoxide, mankhwala ambiri ophera tizilombo ndi zina zochokera mu utsi nazo zimadutsa, ndipo mu 2019 ofufuza a pa yunivesite ya Hasselt ku Belgium anapeza timwaye ting'onoting'ono, tomwe mayi anapuma, titafika mbali ya nsengwa imene imayang'ana kwa mwana.

Ku Bwanje, monga m'midzi ina yonse ya m'dziko muno, gwero lalikulu la timwaye totere ndi moto wophikira. Kalembera wa 2018 anaonetsa kuti mabanja oposa 9 mwa 10 aliwonse m'Malawi amaphikira nkhuni kapena makala, ndipo kumudzi nkhunizo zimayaka pamafuwa atatu, m'kakhitchini kofolera ndi udzu kopanda zenera, komwe denga lake limachita kuda bii ndi mwaye. Nkhuni zikasowa amayi amasonkhezera mapesi ndi zitsononkho, zomwe zimafuka kwambiri, nyengo ya dzinja amalimbana ndi nkhuni zonyowa, ndipo ambiri amakolezera moto ndi majumbo apulasitiki. Mu utsi umenewu muli zinthu zitatu zofunika kuzidziwa. Choyamba ndi carbon monoxide, mpweya wopanda fungo kapena mtundu umene umakanirira m'magazi pamalo pamene pamayenera kukhala okosijeni, ndipo magazi a mwana wosabadwa amaugwira molimba ndi kuutulutsa mochedwa kuposa a mayi wake. Chachiwiri ndi tifumbi tomwe asayansi amatitchula kuti PM2.5, tochepa kwambiri moti timadutsa m'mphuno ndi kukhosi mpaka kukalowa mkatikati mwa mapapo, pomwe timayambitsa kutupa kumene kumasokoneza kayendedwe ka magazi opita kunsengwa. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linanena mu 2021 kuti mlingo wa tifumbi timeneti usamapitirire mamaikulogalamu 15 pa kyubiki mita imodzi ya mpweya pa tsiku, koma m'makhitchini ophikira nkhuni mlingowu umafika m'mahandiredi. Chachitatu ndi gulu la mankhwala otchedwa PAH, omwe amapangika chinthu chikapsa mosamaliza.

Umboni wolumikiza zimenezi ndi nzeru za ana unachokera kumadera osiyanasiyana. Ku New York, gulu la ofufuza la pa yunivesite ya Columbia lotsogozedwa ndi Frederica Perera linaveka amayi oyembekezera timakina toyeza mpweya, ndipo mu 2009 linalengeza kuti ana a amayi amene anapuma PAH wambiri anali ndi mapointi pafupifupi 4 ochepa pa muyeso wa nzeru wotchedwa IQ atafika zaka zisanu. Ku Tongliang m'dziko la China, malo opangira magetsi ndi malasha atatsekedwa mu 2004, ana obadwa pambuyo pake anali ndi zizindikiro zochepa za PAH m'magazi a pamchombo ndipo anakula bwino kuposa amene anabadwa malowo akufuka. Kafukufuku wofanana kwambiri ndi moyo wa ku Bwanje ndi wa kumapiri a ku Guatemala, kumene amayi amaphikanso ndi nkhuni, ndipo zotsatira zake za mu 2012 zinaonetsa kuti ana a amayi amene anapuma carbon monoxide wambiri m'miyezi itatu yomaliza ya pakati ankavutika pa mayeso a kukumbukira ndi a luso la manja atafika zaka 6 ndi 7, ngakhale kuti ana amene anayezedwa anali ochepa.

Yankho limene dziko lino linasankha ndi mbaula zosunga nkhuni, makamaka Chitetezo mbaula youmbidwa ndi dothi, ndipo mu 2013 boma la Joyce Banda linalonjeza kuti mbaula zotere 2 miliyoni zikhale zitafika m'mabanja pofika 2020. Boma la Ntcheu lili ndi mbali yake m'mbiri imeneyi, chifukwa kafukufuku woyesera wa Chitetezo mbaula pakati pa amayi pafupifupi 50, amene zotsatira zake zinasindikizidwa mu 2014, anachitikira m'boma lomweli. Kafukufuku wamkulu amene anatsatira, wotchedwa CAPS, anachitikira ku Chikwawa ndi ku Karonga pa ana oposa 10,000 osakwana zaka zisanu, pogwiritsa ntchito mbaula zamakono zokhala ndi kafani, koma zotsatira zake za mu 2017 zinakhumudwitsa ambiri popeza chibayo sichinachepe. Kafukufuku wina wotchedwa HAPIN, amene anapatsa amayi oyembekezera mbaula za gasi ku Rwanda, India, Peru ndi Guatemala pa gulu la amayi 3,200, anachepetsa utsi kwambiri koma sanapeze kusiyana kooneka pa kulemera kwa ana pobadwa. Zotsatira izi sizikutanthauza kuti utsi ndi wabwinobwino. Zimene zikuonetsa n'zakuti mbaula imodzi siyeretsa mudzi wonse pamene oyandikana nawo akuphikabe pamafuwa, zinyalala zikutenthedwa kuseri kwa nyumba ndiponso tchire likupsa m'chilimwe, komanso kuti mayi amene walandira mbaula ali ndi pakati pa miyezi inayi wadutsa kale nyengo ina yofunika. Mbaula ya Chitetezo imapulumutsa nkhuni ndi nthawi ya mayi, zomwe ndi phindu lenileni, koma aliyense woigawa polonjeza kuti yathetsa vuto la utsi akulonjeza zimene umboni sunafikepo. Kuphikira panja kapena pakhumbi lopita mphepo, kuumitsa nkhuni ndi kuleka kukolezera majumbo sikulira ndalama, ndipo kumachepetsa utsi umene mayi amapuma.

Nkhani ya mankhwala a kumunda ndi yolemera mwapadera m'chigwa chino. Thonje, lomwe lalimidwa kuno kwa mibadwo ingapo, limafuna kupoperedwa kambirimbiri m'nyengo imodzi. Kumtunda ku Tsangano tomato ndi kachewere zimapoperedwanso mobwerezabwereza. Ndipo chimanga, chomwe kale alimi ambiri sankachipopera, chinalowa m'gululi mbozi za ntchemberezandonda zachilendo zitafika, zomwe zinachititsa Pulezidenti Peter Mutharika kulengeza m'mwezi wa Disembala 2017 kuti maboma 20 ali pa ngozi. Kumpoto kwa chigwachi, mbali ya Dedza, sikimu yothirira ya Bwanje ya mahekitala pafupifupi 800, yomwe inamangidwa ndi thandizo la dziko la Japan ndipo imatunga madzi mu mtsinje wa Namikokwe, imachititsa kuti ulimi usamathe ndi mvula. Ambiri mwa mankhwala amene amagwiritsidwa ntchito ndi a magulu awiri, la organophosphate, monga chlorpyrifos amene alimi amamudziwa ndi dzina la Dursban, dimethoate ndi pirimiphos-methyl amene ali mu Actellic wothira chimanga kuti chisafumbwe, ndi la pyrethroid, monga cypermethrin. Mankhwala onsewa amapha tizilombo posokoneza mitsempha yake. A gulu loyambalo amatseka michere yotchedwa acetylcholinesterase, yomwe ntchito yake ndi kuzimitsa uthenga wa mumtsempha ukatha kugwira ntchito, ndipo popeza njira yomweyi imatsogolera kulumikizana kwa maselo mu ubongo umene ukukula, mwana wosabadwa ndiye ali pachiopsezo chachikulu.

Mu 2011 kunatuluka zotsatira za kafukufuku wa m'chigwa cha Salinas ku California, dera la alimi a ndiwo zamasamba, zoonetsa kuti ana a amayi amene mkodzo wawo unali ndi zotsalira zambiri za organophosphate ali oyembekezera anatsalira ndi mapointi pafupifupi 7 a IQ pa zaka 7 poyerekeza ndi ana a amayi amene anali ndi zochepa kwambiri. Chaka chomwecho Virginia Rauh ndi anzake a ku Columbia anapeza kuti chlorpyrifos wochuluka m'magazi a pamchombo amayenderana ndi kufooka kwa luso losunga zinthu m'mutu kwa kanthawi, lomwe mwana amalifuna powerengera masamu ndi potsatira malangizo a mphunzitsi. Mayiko a mu mgwirizano wa European Union analetsa chlorpyrifos mu 2020 pa zifukwa zomwezi. Mayi wa ku Bwanje safunika kusenza sipuleya kumsana kuti mankhwalawa amupeze, chifukwa ndiye amatunga madzi osungunulira, amapalira kapena kuthyola ndiwo m'munda wongopoperedwa kumene, amachapa ndi manja zovala zonyowa ndi mankhwala, ndipo pokolola amasakaniza Actellic ndi chimanga popanda chotchinga kumphuno, matumbawo n'kuwasunga m'chipinda chomwe banja limagona poopa akuba. Botolo lotha mankhwala nthawi zina limatsukidwa n'kusanduka losungira mchere kapena mafuta ophikira. Bungwe la Pesticides Control Board, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2000, ndilo limalembetsa mankhwala ndi kupereka ziphaso kwa ogulitsa, koma pa tsiku la msika mankhwala amapimidwa m'timabotolo topanda chizindikiro, limodzi ndi tameki wophera makoswe, ndipo wogula sadziwa dzina la chimene wagula kapena mlingo wake. Matumba a PICS, omwe amapha anankafumbwe powamana mpweya popanda mankhwala, amachotseratu gawo limodzi la vutoli kwa banja lomwe lingakwanitse kuwagula.

Pamafunika kusamala kuti uthenga umenewu usasokoneze nkhondo yolimbana ndi malungo, omwe m'chigwa chotentha ngati ichi amapha amayi ndi ana ndipo amachititsa ana kubadwa onyentchera. Masikito a mankhwala amene amaperekedwa kusikelo ali ndi pyrethroid wochepa kwambiri, ndipo phindu lake limaposa kutalitali chiopsezo chilichonse chomwe chadziwika. Kafukufuku wa VHEMBE wa ku Limpopo m'dziko la South Africa, amene anayamba kutsatira amayi oposa 700 ndi ana awo mu 2012 m'dera limene nyumba zimapoperedwa pofuna kupha udzudzu, anapeza zizindikiro zakuti pyrethroid wochuluka mwa mayi akhoza kukhudza mbali zina za kakulidwe ka mwana, ndipo phunziro lake n'lakuti zakudya ndi ziwiya zizitulutsidwa panja popopera ndipo mayi woyembekezera asafulumire kulowa m'nyumba, osati kuti akane masikito.

Mtovu ndiwo poizoni wa ubongo amene wafufuzidwa kwambiri, ndipo WHO imanena kuti palibe mlingo wake m'magazi umene ungatchedwe wabwino. Thupi limasokoneza mtovu ndi kashiamu n'kuusunga m'mafupa kwa zaka makumi, ndipo mayi akatenga pakati, thupi likayamba kutapa kashiamu m'mafupa ake kuti lipange mafupa a mwana, mtovu umene anaumeza ali kamtsikana umatuluka nawo n'kupita kwa mwanayo. Mayi wosowa ayironi ndi kashiamu m'zakudya amayamwa mtovu wambiri kuposa mnzake wodya mokwanira, choncho mapiritsi owonjezera magazi a kusikelo, usipa ndi matemba odyedwa ndi minga yomwe zili ndi ntchito ina yomwe sikawirikawiri kutchulidwa. Chitsanzo chowawa kwambiri m'chigawo chino cha Africa ndi Kabwe ku Zambia, kumene mgodi wa mtovu unagwira ntchito kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 mpaka 1994 n'kusiya fumbi la poizoni m'mabwalo momwe ana amasewera. Mu 2020 maloya anakasuma ku khoti la ku Johannesburg m'malo mwa amayi ndi ana pafupifupi 140,000 motsutsana ndi kampani ya Anglo American South Africa, yomwe imakana kuti inalakwa. Mu Disembala 2023 khotilo linakana kuti mlanduwo upitirire ngati wa gulu, ndipo odandaulawo anachita apilo. Lipoti la UNICEF ndi Pure Earth la 2020 linayerekeza kuti mwana mmodzi mwa atatu aliwonse padziko lapansi ali ndi mtovu wopitirira mamaikulogalamu 5 pa desilita imodzi ya magazi, ndipo ambiri mwa anawo sakhala pafupi ndi mgodi uliwonse.

Kumudzi ngati Bwanje mtovu ungalowe m'nyumba kudzera m'mabatire a sola ndi a galimoto, omwe achuluka chifukwa chosowa magetsi ndipo akatha amaswedwa kapena kukonzedwa pakhonde la golosale. Ungalowenso kudzera m'mapoto osungunulidwa kuchokera ku zitsulo zotha ntchito, omwe kafukufuku wa ku Cameroon wa 2014 anaonetsa kuti ena amatulutsa mtovu pophika. Njira ina ndi penti wamafuta. Dothi limene amayi ambiri oyembekezera amalilakalaka, kaya la pachulu kaya logula pamsika, likhozanso kukhala ndi mtovu malinga ndi kumene lakumbidwa, ndipo chilakolakocho nthawi zambiri chimayenderana ndi kuchepa kwa magazi, komwe kumafunika namwino. Mekyule nayo yayandikira chifukwa cha migodi ing'onoing'ono ya golide. Ku Manica ndi ku Niassa m'dziko la Mozambique komanso ku Zimbabwe, okumba golide amasakaniza mekyule ndi mchenga kenako n'kuiwotcha, nthawi zina pamoto wa pakhomo, ndipo nthunzi yake imapumidwa ndi onse a m'nyumbamo; mafuta ena oyeretsa khungu ogulitsidwa mozemba alinso ndi mekyule yemweyo.

Chimene chimabisa vuto lonseli n'chakuti silioneka pa tsiku lobadwa. Mwana amabadwa ndi ziwalo zonse, amalira, amayamwa, ndipo mapointi 4 kapena 5 a IQ amene wataya sangazindikirike mwa iye yekha, chifukwa palibe amene akudziwa mmene akanakhalira. Kutayikako kumaonekera pa gulu, pamene ana a dera lonse atsika pang'ono, popeza ovutika kuwerenga m'Sitandade 3 amachuluka ndipo ochita bwino kwambiri amachepa, kenako mlandu umagwera mphunzitsi, kholo kapena mwana amene amatchedwa mbuli. Poizoni sagwiranso ntchito yekha. Kafukufuku wa 2015 mpaka 2016 uja anapeza kuti ana 37 mwa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu m'Malawi ndi opinimbira, ndipo kupinimbira, malungo, kuchepa kwa magazi ndi utsi zimagwera mwana mmodzi yemweyo. Dziko lino lili ndi chida chake choyezera kakulidwe ka ana, chotchedwa MDAT, chomwe Melissa Gladstone ndi anzake anachikonza pamodzi ndi College of Medicine ku Blantyre n'kuchisindikiza mu 2010 pogwiritsa ntchito zinthu zimene mwana wa kumudzi amazidziwa, ndipo tsopano chimagwiritsidwa ntchito m'mayiko ena. Ubongo umapitiriza kukula mwana akabadwa, kotero kuyamwitsa, chakudya chabwino, kucheza ndi mwana ndi sukulu za mkombaphala zimabweza gawo lina la zimene zinatayika, ngakhale kuti sizichotsa mtovu umene walowa kale.

Kulakwa kwakukulu kungakhale kusenzetsa mayi yekha katundu yenseyu pomuwonjezera mndandanda wina wa zoletsedwa. Chikhalidwe cha kuno chimadziwa kale kuti mwana wosabadwa amakhudzidwa ndi zochita za akulu, n'chifukwa chake pa chisamba anamkungwi amalangiza mtsikana wa pakati poyamba, ndipo miyambo yopewera mdulo imamanga bambo pamodzi ndi mayi. Malangizo amenewa akhoza kulandira mfundo zatsopano popanda kuphwanya mwambo: bambo amene wapopera asambe ndi kuchapa yekha zovala zake kutali ndi chitsime, ntchito yothira mankhwala chimanga ichoke m'manja mwa mayi, mankhwala ndi mabatire zisagone m'chipinda cha anthu, ndipo apongozi ndi alamu asaone ngati ulesi mayi woyembekezera akamapempha kulandiridwa pamoto. Popeza masabata oyambirira a pakati amadutsa mosadziwika, chitetezochi chiyenera kukhudza mkazi aliyense wa msinkhu wobereka, osati yekhayo amene mimba yaonekera. Kusikelo mayi amayezedwa kulemera, kuthamanga kwa magazi, HIV ndi chindoko, amalandira Fansidar ndi masikito, ndipo funso la kumene amaphikira ndi la amene amapopera kumunda likhoza kufunsidwa pamzere womwewo ndi anamwino kapena alangizi a zaumoyo, pamene alangizi a zaulimi akunena zomwezo kwa abambo kumakalabu a thonje.

Koma zinthu zimene zachepetsadi poizoni m'magazi a ana ambiri nthawi imodzi zachokera ku malamulo ogwiritsidwa ntchito, osati ku malangizo okha. Petulo wa mtovu analetsedwa m'mayiko a kummwera kwa chipululu cha Sahara pofika kumayambiriro kwa 2006 ndipo anatheratu padziko lonse mu 2021, popanda mayi aliyense kusintha khalidwe lake. M'Malawi momwe muno, bungwe la Lead Exposure Elimination Project linayeza penti wamafuta wogulitsidwa m'masitolo ndipo zotsatira za mu 2021 zinaonetsa kuti oposa theka la mapenti oyezedwawo anali ndi mtovu wopitirira muyeso wovomerezeka. Bungwe loona za miyezo la Malawi Bureau of Standards litayamba kulondoloza opanga penti, ndipo opangawo atathandizidwa kupeza zosakaniza zina, kuyeza kobwereza kwa mu 2023 kunapeza kuti penti wa mtovu wachepa kwambiri pamsika. Ntchito yofanana ndi imeneyi ikudikira Pesticides Control Board pa chlorpyrifos ndi pa timabotolo topanda chizindikiro ta m'misika ya Sharpevale, Kasinje ndi Bilira, ndipo ikudikiranso khonsolo ya Ntcheu pa kusonkhanitsa mabatire otha ntchito asanaswedwe pakhomo.